Bambo akufuna kuchotsa okha paipi ya mkodzo

Mayi wina wa ku Area 25 wandilembera kuti bambo ake anaikidwa paipi ya mkodzo chifukwa pulositeti, kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo, inatupa n'kutseka njira, ndipo tsopano akufuna kuichotsa okha kuti ayambirenso kupita kutchalitchi. Mayi, auzeni kuti asayerekeze.

Malume anga anakhalapo ndi paipi yotereyi. Anali munthu wolemekezeka, woweruza milandu ya pamudzi, koma atatuluka m'chipatala anadzitsekera m'nyumba, thumba la mkodzo atalibisa m'jekete, pamwamba pa chiuno, chonsecho thumbalo liyenera kukhala m'munsi mwa chikhodzodzo nthawi zonse kuti mkodzo usabwerere. Malangizowo anamwino anauza ana awo aakazi, amene anali magadiyani, koma mwana wamkazi angayambe bwanji kukambirana ndi bambo ake za malo obisika? Malumewo anachepetsanso kumwa madzi kuti thumba lisamadzaze msanga, mpaka paipi inatsekeka, thupi linatentha, ndipo tinathamangira nawo kuchipatala usiku.

Ine ndimaimba mlandu amuna a m'banja. Timasiyira alongo athu ntchito yogona pansi m'wodi, ife n'kumangofika ndi nthochi pa nthawi yoona odwala, pomwe pali zinthu zimene mkulu angamve kuchokera kwa mwamuna mnzake yekha. Mayi, ngati muli ndi mlongo wanu, apite iyeyo akaphunzire kwa namwino.

Zoyenera kudziwa

Paipiyi imatchedwa Foley, dzina la dokotala wa ku America, Frederic Foley, amene anaikonza m'zaka za m'ma 1930. Kunsonga kwake kuli kabaluni kamene amakadzaza ndi madzi pafupifupi mamililita 10 kakalowa m'chikhodzodzo, choncho kuikoka kabaluniko kasanaphwe kumang'amba njira ya mkodzo. Bambo azimwa madzi okwanira, azitsuka polowera paipi ndi sopo tsiku lililonse, ndipo wokhuthula thumba azisamba m'manja. Asamaphonye tsiku losintha paipi, popeza ya labala wamba imasinthidwa pakatha milungu pafupifupi inayi, pomwe ya silikoni imatha kufika milungu 12. Mkodzo ukasiya kutuluka, ukakhala ndi magazi, kapena akayamba kutentha thupi, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kutchalitchi angathe kupita, thumba laling'ono atalimangirira kumwendo m'kati mwa buluku, ndipo ku Kamuzu Central Hospital mukafunse ngati mankhwala kapena opaleshoni zingathandize kuti paipiyo ichotsedwe.