Kodi ndiyambe kudzaza ndekha zipolopolo za mfuti yanga?

FUNSO: Zikomo bambo. Ndili ndi mfuti ya .308 Winchester, chiphaso chake ndili nacho, ndipo ndimapita nayo kosaka kawiri kapena katatu pachaka. Mnzanga wina akawombera amatola makoko onse n'kukawadzazanso kunyumba kwake. Akuti ine ndikungotaya ndalama pogula zipolopolo zatsopano. Kodi nanenso ndigule zipangizo ndiyambe? Ndine mlenje, wowerenga wanu.

YANKHO: Achimwene, yankho lili m'mawu anu omwe aja akuti kawiri kapena katatu pachaka. Ngati masakidwe anu ndi amenewo, musagule. Ndikutero ngakhale kuti ineyo ndadzaza zipolopolo zanga kwa zaka zambiri ndipo ntchitoyi ndimaikonda.

Mnzanuyo sakunama. Chipolopolo chili ndi zinthu zinayi: khoko lamkuwa, primer (kachinthu koyatsira wonga) imene ili kuthako kwake, wonga, ndi mutu umene umauluka. Mukawombera, zitatu zimatha koma khoko limatsala, chikhalirecho ndi limodzi mwa zodula kwambiri pa zinayizo. Mukalisamala mutha kulidzazanso kangapo lisanang'ambike pakhosi. Phindu lonse lagona pamenepo.

Koma musanadzaze ngakhale chimodzi, pamafunika press (makina opanikizira khoko), ma die (zitsulo zoika pa press zowongolera khoko, kuchotsa primer yakale ndi kuika mutu) a mtundu wa chipolopolo chanu, sikelo yabwino, caliper yoyezera kutalika, kachida kodulira makoko (amatalikirako akawomberedwa), ndi buku la miyezo monga la Hornady, Lyman kapena Sierra. Tsono tengani cholembera. Mtengo wa zonsezi muugawe ndi ndalama imene mungapulumutse pa chipolopolo chimodzi, muone kuti muyenera kuwombera zingati ndalama yanu isanabwerere. Wonga amauyeza mu grain, ndipo paundi imodzi ili ndi ma grain 7,000. Paundi imeneyo imakwanira zipolopolo za .308 pafupifupi 150. Inu ngati mumawombera 30 pachaka, chitini chimodzi cha paundi ya wonga chikutengerani zaka zisanu. Nanga zipangizozo zidzabweza liti?

Amene amapindula ndi munthu wowombera chandamale mwezi ndi mwezi, zipolopolo mazanamazana. Wina ndi mwini mfuti ya zipolopolo zodula kapena zosowa, monga .375 H&H imene Holland & Holland ya ku London inatulutsa mu 1912. Ndipo nawonso ambiri mwa iwo ndalama yotuluka m'thumba siichepa, amangowombera kochuluka ndi ndalama yomweyo. Ena amati kudzaza wekha kumapulumutsa zipolopolo zikasowa m'masitolo, koma mu 2020 ndi 2021 ku America ma primer nawo anasowa, ndipo anapitiriza kudzaza ndi okhawo amene anali atasungiratu.

Chimene chinandikopa ine si ndalama. Mfuti iliyonse ili ndi khalidwe lake, chifukwa mpope wake umanjenjemera mwa njira yakeyake chipolopolo chikamadutsamo. Ukayesa mitu yosiyanasiyana ndi miyezo ya wonga yosapyola zimene buku likulola, umapeza chimodzi chimene mfuti yako imagwirizana nacho, zipolopolo n'kumagwera pamodzimodzi. Tsiku limene ndinaona mabowo asanu atakhudzana papepala, ndinalipinda pepalalo n'kulisunga, ndipo lilipo mpaka lero. Koma kwa nyama imene yaima pa mtunda wa mamita 100, zipolopolo zabwino za kufakitale zimakwanira bwino lomwe.

Dziwaninso kuti si khoko lililonse lodzazika. La .22 LR liiwaleni, mankhwala ake oyatsira ali m'mphepete mwa khoko momwe. Makoko achitsulo nawo ndi ovuta. Mukasuzumira m'kati mwa khoko n'kuona bowo limodzi pakati, limenelo ndi la Boxer, primer yake imatuluka mosavuta. Mukaona timabowo tiwiri, ndi la Berdan, lofala pa zipolopolo za asilikali, ndipo lidzakuthyolerani kansonga ka die.

Tsopano mverani izi bwino, chifukwa apa ndi pamene munthu amataya diso kapena zala. Bungwe la SAAMI, loika miyezo ya mfuti ndi zipolopolo ku America, limalola mphamvu ya mpweya m'chipolopolo cha .308 kufika 62,000 psi (mapaundi okankha pa sikweya inchi imodzi), ndipo zonsezo zimachitikira pafupi ndi tsaya lanu. Wonga wa mfuti yaing'ono ya m'manja umapsa msanga kwambiri, ukalowa m'khoko la mfuti yaikulu umatha kuiphulitsa. N'chifukwa chake patebulo panga pamakhala chitini chimodzi chokha cha wonga nthawi iliyonse. Ine ndinalakwitsapo. Foni inalira ndili pakati pa ntchito, ndipo pobwerera ndinaika mutu pakhoko lopanda wonga. Kowombera kuja chinangoti phu, mopanda mphamvu. Ndinatsegula mfuti n'kupeza mutu utatsakamira mumpope. Ndikanaponyapo china pambuyo pake, sindikudziwa ngati bwenzi ndikulemba pano. Chiyambire tsiku limenelo ndimaunika ndi tochi khoko lililonse ndisanalitseke, ndipo foni imatsala kuchipinda china. Muzisambanso m'manja mukamaliza, ma primer ambiri ali ndi mtovu.

Nkhani ya malamulo musaiponye kumbuyo. Chiphaso cha mfuti sichitanthauza kuti mwaloledwa kusunga wonga ndi ma primer. Maiko ena amafuna chilolezo chapadera, ena amaletseratu. Kafunseni kwa amene anakupatsani chiphaso musanagule kalikonse.

Pakadali pano, pemphani mnzanuyo mukakhale pambali pake madzulo awiri kapena atatu, muone ngati mtima wanu ungapirire kuyeza khoko limodzilimodzi kwa maola. Makoko anu muziwatola, muwasunge pouma, mulembe kuti awomberedwa kangati. Koma zipolopolo zimene iye wadzazira mfuti yake musaziike mu yanu, ngakhale zonse zitakhala .308, pakuti muyezo umene uli bwino mu yake ukhoza kupyola malire mu yanu.