Kwa achemwali a ku Nebraska: makolache ndi mazira a phula pa tsiku la Atcheki

Achemwali, mwanena kuti kunyumba yosungiramo zinthu zakale ya m'tauni mwanu akupemphani kuthandiza pa tsiku lokumbukira chikhalidwe cha Atcheki. M'mawa akuikani pagulu lophika makolache okwana 300, masana patebulo la ana lolemba mazira, ndipo mukufunsa kuti zimenezi ndi zotani komanso muyambire pati. Vomerani ndithu. Munthu amene anakandapo ufa wa mandasi savutika kwambiri ndi ntchito imeneyi, bola adziwiretu malo ochepa amene alendo amapunthwa.

Muyambe mwadziwa eni tsikulo. Makolo awo anali alimi ndi amisiri ochokera ku Bohemia ndi ku Moravia, madera a ku Ulaya amene lero ali m'dziko la Czech Republic, amene anawoloka nyanja mwaunyinji kuyambira cha m'ma 1850 mpaka nkhondo yoyamba yapadziko lonse itayandikira, n'kukhazikika ku Nebraska, Iowa, Texas, Wisconsin ndi mumzinda wa Chicago. Kwanu komweko kuli tauni ya Wilber, imene imachita chikondwerero chake kumayambiriro kwa Ogasiti chaka chilichonse kuyambira 1962. Ku Cedar Rapids, Iowa, kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale ndi mabuku yotchedwa National Czech & Slovak Museum & Library, imene inamira m'madzi osefukira mu Juni 2008. Anthu anainyamula nyumba yonseyo mu 2011 n'kuisunthira pamalo okwera, ndipo inatsegulidwanso mu 2012. Zidzukulu zambiri za anthu amenewa Chitcheki sizichilankhulanso. Chimene chinatsala m'manja mwawo ndi maphikidwe a agogo awo, nyimbo za polka ndi zovala za makolo. N'chifukwa chake kolache yolimba kapena yotayikira pathireyi imawapweteka mtima kuposa mmene mlendo angaganizire.

Kolache ndi kabanzi kofewa kozungulira, kokhala ndi dzenje pakati momwe amathiramo zotsekemera. Dzinali limachokera ku mawu akuti kolo, kutanthauza gudumu. Kabanzi kokulunga soseji kamene kamagulitsidwa ku Texas dzina lake ndi klobasnek, ndipo mukakatchula kuti kolache pamaso pa agogo ena akukonzani pomwepo.

Muyezo wa makolache 24 ndi uwu: fulawa magalamu 500, mkaka mamililita 250, yisiti wouma magalamu 7, shuga magalamu 70, batala magalamu 90, zachikasu za mazira awiri, mchere magalamu 6, ndi khungu la ndimu limodzi lopalidwa. Yezani pasikelo. Makapu amanamiza, chifukwa kapu ya fulawa wothinitsa ndi ya fulawa wopepuka zimasiyana kwambiri, ndipo pagulu la anthu asanu aliyense amatapa mwa njira yake. Pa makolache 300 muchulukitsa ka 12 ndi theka: fulawa makilo 6 ndi magalamu 250, mkaka malita 3 ndi pang'ono, batala kilo imodzi ndi magalamu 125, mazira 25, yisiti magalamu pafupifupi 90.

Mkaka muufunditse mpaka madigiri 38 kapena 40, wofunda ngati wa khanda. Ukapitirira madigiri 50 yisiti amafooka, ukafika 60 wafa, ndipo mtanda ungokhala phee osafufuma. Thirani yisiti ndi supuni imodzi ya shuga mumkakamo, dikirani mphindi 10. Thovu likapanda kutuluka, tayani muyambirenso ndi yisiti wina musanawononge batala ndi mazira. Likatuluka, sakanizani zonse, batala akhale wofewa kapena wosungunuka koma wozizira, ndipo kandani mphindi 10 ndi manja, kapena 6 mpaka 8 pamakina.

Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Mtanda wa makolache umamata m'manja, ndi wofewa kuposa wa mandasi, ndiye munthu amayamba kuwaza fulawa, pang'ono, pang'ono, mpaka wawonjezera magalamu 100 osazindikira. Makolache otero amaoneka bwino potuluka mu uvuni koma pofika masana auma ngati masikono ogona. Dzolani batala kapena mafuta m'manja ndi patebulo m'malo mwa fulawa, ndipo pitirizani kukanda. Mtanda umasiya wokha kumata ukakandika mokwanira. Vindikirani, uufufumitse ola limodzi mpaka ola ndi theka, ukule kawiri.

Dulani tizidutswa ta magalamu 40, bulungani, ikani pathireyi motalikirana zala ziwiri kapena zitatu, vindikiraninso kwa mphindi 25. Kenako boolani dzenje ndi zala kapena ndi pansi pa kagalasi kakang'ono, mukanikize mpaka pansi papyapyale, m'mphepete musiye mkombero wa sentimita imodzi. Dzenje likakhala losaya, kapena mukaboola tizidutswato tisanafufume kachiwiri, pakati pamatukumuka mu uvuni n'kukankhira zothirazo kunja. Thirani supuni imodzi yodzaza, pakani dzira lomenya m'mphepete, wazani tinyenyeswa pamwamba. Tinyenyeswato kwawo amati drobenka, ena kumeneko amati posipka, ndipo ndi fulawa magalamu 60, shuga 40 ndi batala wozizira 40, zofikisa ndi zala. Uvuni ukhale pa 375°F, omwe ndi madigiri 190, kwa mphindi 12 mpaka 15. Chotsani akadali ofiirira pang'ono chabe, pakani batala wosungunuka nthawi yomweyo.

Zothira mkati zikonzedwe dzulo lake n'kugona mufiriji, chifukwa zotentha zimanyowetsa mtanda ndipo pansi sipapsa. Zenizeni za makolo ndi zitatu. Yoyamba ndi mák, timbewu takuda ta poppy. Tiyenera kuperedwa, apo ayi timalumika ngati mchenga ndipo sitimwa mkaka. Magalamu 200 a timbewu topera, mkaka mamililita 200 ndi shuga magalamu 80, phikani pamoto wochepa mphindi 8 mukutakasa osaleka, chifukwa zimapserera msanga. Lawani timbewuto musanayambe. Tili ndi mafuta ambiri ndipo tikakhalitsa pashelefu timawawa, ndiye paketi imodzi yoipa iwononga mphika wonse. Yachiwiri ndi povidla, mapulamu ophika mpaka kulimba. Mukasowa, phikani mapulamu ouma magalamu 300 m'madzi ongowamiza mpaka afewe, n'kuwasinja. Jamu wa m'botolo musayese dala, amawira, kusefukira ndi kupserera pathireyi. Yachitatu ndi tvaroh, tchizi choyera chowawasa pang'ono, chofanana ndi chambiko chimene mwachikha madzi pansalu. M'masitolo a kumeneko funsani farmer's cheese. Magalamu 250, chachikasu cha dzira limodzi, shuga magalamu 50, mphesa zouma pang'ono ndi khungu la ndimu. Ngati chimene mwapeza chili ndi madzi, chigoneke pasefa yoyala nsalu usiku wonse. Maapurikoti ouma amaphikidwa ngati mapulamu aja, ndipo ana ambiri amathamangira amenewo.

Pa mák pali chenjezo limene lingakhudze inu kapena alendo: munthu akadya timbewu ta poppy tambiri, kuyeza mkodzo kofufuza mankhwala ozunguza bongo kungathe kusonyeza ngati anamwa. Amene amayezedwa kuntchito, monga oyendetsa mathiraki ndi ena osamalira odwala, adye a mapulamu. Lembani pakapepala patsogolo pa thireyi iliyonse zimene zili mkatimo, kuphatikizapo tirigu, mkaka ndi mazira, chifukwa cha amene matupi awo amadana nazo. Funsaninso okonza tsikulo ngati ali ndi chilolezo cha azaumoyo a m'boma lanulo chogulitsa zakudya, popeza m'madera ambiri zophikira kunyumba zokhala ndi tchizi zili ndi malamulo ake.

Koma chimene chimagwetsa magulu ophika si muyezo, ndi uvuni. Uvuni wa panyumba umatenga mathireyi awiri, makolache 24, ndipo kulowetsa, kuphika, kutulutsa ndi kudikira kuti utenthenso kumadya mphindi 20. Makolache 300 ndi maulendo 13, kupitirira maola anayi pa uvuni umodzi. Mukakanda fulawa yense nthawi imodzi, mtanda womalizira udikira maola anayi, ufufuma mopitirira, uyamba kununkha mowa ndipo uphwa mukauboola. Choncho kandani muyezo umodzi mphindi 20 zilizonse, kapena kandani usiku, muugoneke mufiriji uli wovindikira bwino, m'mawa muzitulutsa mbale imodzi imodzi, mphindi 40 musanabulunge. Werengani mauvuni amene muli nawo musanalonjeze nthawi. Ngati zitseko zitsegulidwa 10 koloko ndipo uvuni ndi umodzi, thireyi yoyamba ilowe isanakwane 5 koloko ndi theka. Mathireyi muwasinthanitse pakati pa nthawi, yam'mwamba itsike, chifukwa yam'munsi imapserera pansi. Ndipo musawatsekere m'pulasitiki akadali otentha, nthunzi imawanyowetsa n'kusungunula tinyenyeswa tija. Azizire ola lathunthu.

Tsopano mazira. Dzina lake ndi kraslice, luso la nyengo ya Pasaka, ngakhale nyumba zoterezi zimaliphunzitsa nthawi iliyonse. Mazira amachotsedwa zamkati pasadakhale: kabowo kakang'ono nsonga iliyonse, kuswa chachikasu ndi singano yaitali, kuuzira, kutsuka mkati ndi kuumitsa masiku awiri. Kunja apukutidwe ndi viniga wosakaniza madzi, ndipo ana asambe m'manja asanagwire. Mwana amene wangodya kolache ali ndi batala kuzala, ndipo paliponse pamene wagwira utoto sugwira. Cholembera ndi kaphini kokhala ndi mutu, kobayidwa kumapeto kwa pensulo. Mutu wa kaphiniko umavikidwa muphula la njuchi losungunuka n'kukoka kamzere kamodzi kafupi, kooneka ngati dontho lokhala ndi mchira. Kuviika kumodzi, kamzere kamodzi. Phula likazizira limauma lisanafike padzira, likatentha mpaka kufuka limayenderera ndipo lingayake. Dzira ligwiridwe pafupi ndi chosungunulira kuti dzanja lisayende mtunda.

Utoto uyambe wowala kupita wakuda, chikasu kenako chofiira kenako chakuda, ndipo paliponse pamene paphimbidwa ndi phula pamasunga mtundu umene unalipo. Utoto ukhale wozizira, wotentha usungunula zolembazo. Timabowo tija titsekedwe ndi phula dzira lisanalowe muutoto, apo ayi limamwa n'kumadontha pambuyo pake. Dzira lopanda kanthu limayandama, ndiye lipanikizeni ndi supuni kwa mphindi 5. Pomaliza lifunditseni pang'ono n'kupukuta phulalo ndi kansalu. Konzani mazira ochuluka kuposa ana amene mukuyembekezera, chifukwa amasweka. Kwawo amasungunulira phula pasupuni yopindidwa pamwamba pa kandulo, koma m'nyumba yosungira nsalu ndi mapepala akale lawi la moto kawirikawiri saloleza, ndiye funsirenitu chosungunulira cha magetsi. Munthu wamkulu mmodzi asapitirire ana anayi, ndipo aang'ono kwambiri apatseni makrayoni alembe padzira lophika, zimagwiranso ntchito chimodzimodzi pautoto.

Mudzaona amayi ndi atsikana atavala zoyera za manja otukumuka, masiketi opindapinda ndi zopeta. Chovalacho ndi kroj, ndipo dera lililonse lili ndi lake, moti wodziwa amasiyanitsa la ku Kyjov ndi la ku Chodsko pongoyang'ana. Ena amavala lenileni la agogo awo aakazi, la zaka zoposa 100. Musaligwire, makamaka mukuchokera kukhitchini, ndipo tebulo la utoto likhale kutali ndi njira imene ovinawo adutse. Pemphani musanajambule. Ngati padzakhala gule wa mabanja anayi oyang'anizana, ameneyo ndi beseda, amene anayamba ku Prague m'zaka za m'ma 1860.

Pakamwa samalani zinthu zochepa. Dziko la Czechoslovakia linakhazikitsidwa pa 28 Okutobala 1918 ndipo linagawika pa 1 Januwale 1993, choncho lero kuli Czech Republic ndi Slovakia, ndipo Mtcheki ndi Msilovaki ndi anthu awiri ngakhale amamvana. Mawu akuti Bohunk mukawamva musawabwereze, anali otukwana osamukira kumeneko. Polandira alendo nenani dobrý den, ndiwo moni wa masana. Zikomo ndi děkuji, ndipo popereka mbale nenani dobrou chuť, kuwafunira kudya kwabwino.

Mukachita bwino akuitananinso mu Disembala. Madzulo a pa 5 mwezi umenewo kumabwera Mikuláš, ndiye Nikolasi Woyera, atavala ngati bishopu, limodzi ndi mngelo ndi mdyerekezi wa maunyolo. Ana amanena ndakatulo kapena kuimba, abwino amalandira maswiti ndi zipatso, osamvera khala kapena mbatatesi. Ngati mudzapite ndi ana anu aang'ono, muwauziretu za mdyerekeziyo, amaopsa ndithu. Buledi wa nyengo imeneyo ndi vánočka, woluka ngati tsitsi, ndipo mtanda wake ndi wapachibale ndi wa makolache, kungoti umakhala wolimbirapo kuti zolukazo zisaphwasuke, ndipo mumathiramo mphesa zouma ndi maalimondi.