Sikelo ikusowa pa kompyuta malaiti akabwera: kabokosiko kalibe mlandu

Akulu, mwafunsa za sikelo ya magalimoto ku depoti yanu ya soya ku Katete. Mwati indicator (kachipangizo koonetsa kulemera) mwailumikiza ku Moxa NPort, kabokosi kolumikiza waya wa sikelo ku netiweki, koma malaiti akapita n'kubwera, kompyuta ya mu ofesi siionanso kulemera kwa katundu mpaka mutazimitsa kabokosiko n'kukayatsanso, komanso mukufuna muziona sikeloyo muli ku Chipata. Musagule kena, vuto lili m'masetingi.

Choyamba IP, adiresi ya kabokosiko pa netiweki. NPort imabwera ndi 192.168.127.254, ndipo ambiri amangoiika pa DHCP (rauta iziipatsa yokha adiresi) kuti athane nazo msanga. Tsiku lina rauta imaipatsa nambala ina, kompyuta ikufunafunabe yakale. Ikani Static, musankhe nambala imene rauta sigawa. Ngati imagawa 192.168.1.100 mpaka 200, ipatseni 192.168.1.50, netmask 255.255.255.0, pa gateway mulembe adiresi ya rautayo.

Koma ine ndikuloza chala TCP alive check time, nthawi imene NPort imadikira kompyuta yosayankha, makamaka ngati indicator ndi NPort zili pa inverter pomwe kompyuta ilibe. Kompyuta ikathima mwadzidzidzi siitsanzika, choncho NPort imaganiza kuti mnzake uja akadali pa mzere. Max connection, chiwerengero cha olumikiza nthawi imodzi, imabwera ili pa 1. Kompyuta ikadzuka n'kugogoda, imapeza mpando uli ndi mwini kale, ndiye imakanidwa. NPort imadikira mphindi 7 isanataye kulumikizana kwakufako, ndipo ngati wina anaikapo 0 sidzakutaya mpaka kalekale. N'chifukwa chake kuzimitsa kumathandiza. Ikani mphindi 1 basi. Kukweza Max connection kumangobisa matenda.

Musaisokoneze ndi Inactivity time. Imeneyo imadula mzere ngati ku waya wa sikelo kwakhala zii, ndipo imawerenga mamilisekondi. Ngati indicator yanu imatumiza pokhapokha kalaliki akadina Print, isiyeni pa 0, apo ayi izidula galimoto ina isanakwere.

Manambala akamafika oduka, 12480 n'kuoneka 12 kenako 480, pitani pa Data Packing. Maindicator ambiri amamaliza mzere ndi zizindikiro ziwiri zosaoneka zotchedwa CR LF, ndiye Delimiter 1 ikhale 0D, Delimiter 2 ikhale 0A, kuti mzere uzipita wathunthu. Zikamatuluka zilembo zosamveka, netiweki ilibe mlandu: baud rate (liwiro la pa waya) kapena parity za NPort ndi za indicator sizikugwirizana. Onani m'buku la indicator ngati ndi 9600 8N1 kapena 7E1. Waya wa RS-232 nawonso usapitirire mamita 15.

Tsopano za ku Chipata. Mu TCP Server mode doko loyamba la waya pa NPort limamvera pa port 4001 ya netiweki, mu Real COM ndi 950 ndi 966. Pulogalamu yofufuzira ya Moxa imaitana pa UDP 4800 ndipo kuitanako sikuwoloka rauta, choncho ikapanda kuiona muli kutali musadabwe, lembani IP pamanja. Ngati intaneti ya ku depoti ndi ya SIM, yang'anani WAN IP ya rauta. Ikayamba ndi 10, kapena ili pakati pa 100.64 ndi 100.127, adiresiyo mukugawana ndi anthu ena ndipo port forwarding (kutsegula khomo pa rauta kuti a kunja afike pa NPort) ingokutayitsani nthawi. Njira yabwino ndi VPN, njira yotetezedwa yodutsa pa intaneti, pakati pa rauta ya ku Katete ndi ya ku Chipata. Ina ndi TCP Client mode, kuti NPort iziyimba yokha ku ofesi ya ku Chipata, koma ofesiyo iyenera kukhala ndi adiresi yofikirika kuchokera kunja.

Ngakhale mutakhala ndi public IP, 4001 musaitsegulire dziko lonse. Siifunsa pasiwedi, ndipo maindicator ena amamvera lamulo la zero kapena tare (kuchotsera kulemera kwa galimoto yopanda katundu) lochokera pa waya womwewo. Ganizani galimoto ya mlimi ili pamwamba, wina kutali akuseweretsa tare. Yatsani Accessible IP List, mndandanda wa maadiresi ololedwa kulumikiza, koma muyambe mwalembamo kompyuta ya mu ofesi ndi laputopu yanu. Mukaiwala mudzitsekera panja, ndipo chotsala ndi kukanikiza batani la reset, lomwe limafufuta zonse mwaikazi n'kukubwezerani pa 192.168.127.254.