Ganesha pa kakolo? Yankho kwa mchemwali wa ku Durban

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene akugwira ntchito ku Durban. Dzina lake ndasunga. Akuti watha zaka zitatu ali pa moto: ntchito inatha, mayi ake anamwalira iye ali kutali, maliro sanapite. Pano zinthu zayamba kuyendako, ndiye akufuna kudinda tattoo yokumbukira nyengo imeneyi. Wojambula wamuonetsa zithunzi zitatu: Ganesha, mulungu wa Ahindu wa mutu wa njovu, duwa la lotus ndi chizindikiro cha Om. Mtima wake wagwa pa wa njovuyo, ndipo akufuna akhale pa kakolo. Akufunsa tanthauzo la zinthuzi, komanso ngati pali cholakwika.

Achemwali, pepani kwambiri ndi imfa ya mayi. Zina zonse tikambirana bwinobwino, koma za pa kakolozo ndikukuletsani ndi mtima wonse.

Ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso angawa. Nthawi yomwe ndinali ku Durban komweko ndinkachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya banja lina la Chihindu. Tsiku lina kamdzukulu kawo, kazaka ngati zisanu ndi ziwiri, kakuthamanga pakhonde kanaponda buku la kusukulu mwangozi. Kanaima nji, kanatola bukulo, kanaligunditsa pamphumi, kenako n'kupitiriza masewera. Palibe anakauza. Nditafunsa agogo ake, anandifotokozera kuti buku ndi la Saraswati, mulungu wamkazi wa nzeru ndi maphunziro, pomwe phazi ndi chiwalo chapansi chimene chimaponda fumbi ndi zonyansa. N'chifukwa chake amavula nsapato pakhomo la kachisi, ndipo munthu sakhala pansi ataloza mapazi kumene kuli chifanizo cha mulungu. Ndiye ngati buku lokha limapepesedwa chonchi, nanga Ganesha weniweniyo atamamatira pa kakolo panu, akusamba matope a m'misewu tsiku ndi tsiku?

Nkhaniyi si yongoganizira. Mu 2015 mnyamata wina wa ku Australia anazunguliridwa ndi anthu okwiya pamalo odyera mumzinda wa Bengaluru ku India, chifukwa anadinda mulungu wamkazi Yellamma pa mwendo. Mapeto ake anakalemba kalata yopepesa kupolisi. Kumuopseza kunali kulakwa, sindikuikira kumbuyo ayi. Koma mkwiyowo unachokera pa malo amene chithunzicho chinali. Ndipo inu muli ku Durban, kumene Amwenye anayamba kufika mu 1860 kudzalima nzimbe, ndipo zidzukulu zawo zadzaza ku Chatsworth ndi ku Phoenix. Si onse Ahindu, ena ndi Asilamu ena Akhristu, koma Ahindu mukwera nawo taxi ndi kugula nawo mushopu. Ambiri sadzakuyankhulani kanthu. Adzangoyang'ana pansi, mtima n'kuwawa.

Tsono Ganesha ndi ndani? Ndi mwana wa mulungu Shiva ndi mkazi wake Parvati. Nthano yodziwika kwambiri imati Parvati anamuumba yekha n'kumuika pakhomo kuti alondere pamene iye akusamba. Shiva atabwera, mwanayo anamukaniza kulowa, Shiva mwaukali anamudula mutu, ndipo pofuna kutonthoza mkazi wake anamuveka mutu wa njovu. Amamutcha Vighnaharta, kutanthauza wochotsa zopinga, ndiye ndikumvetsa chifukwa chake wakukokani mtima. Ahindu amayamba ndi iyeyu asanatsegule bizinesi, asanalowe m'nyumba yatsopano, asanayambe mwambo wa ukwati. Mukayang'anitsitsa muona kuti mnyanga umodzi ndi wothyoka. Amati anauthyola yekha kuti alembere Mahabharata, ndakatulo yaitali yakale ya Ahindu, pamene mkulu wanzeru Vyasa ankamulakatulira, posafuna kuti ntchito iime. Pamapazi pake pamakhala mbewa, yomwe ndi chokwera chake, ndipo aphunzitsi ambiri amati ikuimira zilakolako zomwe zimateketa munthu mwakachetechete pokhapokha zitagonjetsedwa. Makutu akuluwo amati ndi omvetsera.

Koma apa mpofunika kunena mosabisa. Ganesha si chithumwa cha mwayi, ndiponso si njovu yokongola chabe. Ndi mulungu amene anthu amamugwadira, kumuyatsira nyale m'mawa, kumupatsa maluwa ndi timaswiti totchedwa modak. Ku Mumbai chaka chilichonse chikondwerero chake cha Ganesh Chaturthi chimatha masiku khumi. Mu imelo yanu mwatchula kuti mumaimba kwaya. Ine sindine m'busa wanu, ndipo za Levitiko 19:28, vesi lonena za kudinda pathupi, mipingo imamasulira mosiyana. Ndikungoti dziwani kuti mudzakhala mutanyamula mulungu wa anthu ena pakhungu panu mpaka kumanda, ndipo funso limeneli muliyankhe nokha singano isanakugwireni, osati pambuyo pake.

Om ndiye wovutirapo, ngakhale amaoneka wophweka. Si chithunzi kwenikweni, ndi liwu. Ahindu amati ndi liwu loyamba limene zonse zinachokera, ndipo mapemphero ambiri amayamba nalo. Buku lakale la Mandukya Upanishad limaligawa patatu, A, U ndi M: kukhala maso, kulota, ndi tulo tofa nato. Ukamaliza kutchula pamatsala chete, ndipo cheteyo ndiye gawo lachinayi, lopanda dzina lokwanira. Ahindu ambiri amadinda Om padzanja kapena pamkono, kotero si choletsedwa. Lamulo lake ndi lomwe lija, akhale kumtunda kwa chiuno.

Pa zitatuzi, ine ndikanasankha lotus, ndipo ndi limene likunena nkhani yanu ndendende. Amene munafikako ku Chigwa cha Shire mukudziwa maluwa a nyika momwe amayandamira pamadambo. Lotus ndi chomera china, koma khalidwe lake n'lofanana: mizu ili m'matope, tsinde likudutsa m'madzi akuda, duwa likutulukira pamwamba loyera mbee. Tsamba lake ukalithira madzi amangogubuduka ngati mikanda, osalinyowetsa. Bhagavad Gita, buku lopatulika la Ahindu, pa mutu 5 vesi 10, imayerekeza munthu amene amagwira ntchito yake mopanda kumamatira phindu ndi tsamba limeneli, kuti choipa sichimukangamira. Lakshmi, mulungu wamkazi wa chuma ndi madalitso, amakhala pa lotus. Brahma, mulungu wolenga, nayenso. Komabe duwa lokhalo si mulungu, ndipo Abuda nawonso amalilemekeza, kotero simukulanda pemphero la wina. Chimodzi chokha mudziwe: ku India duwa lomweli ndi chizindikiro cha chipani cholamula cha BJP, ndiye musalole wojambula akopere lopezeka pa mbendera yachipani.

Wina angaganize kuti Ahindu amadana ndi zodinda pathupi. Ayi ndithu. Pakati pa dziko la India pali mwambo wakale wotchedwa godna, ndipo amayi a mtundu wa Baiga amati zodindazi ndi zokongoletsa zokhazo zimene munthu amapita nazo akamwalira, poti mikanda ndi zibangili zimatsala. Nditamva zimenezi ndinakumbukira mphini za agogo anga aakazi, timizere takuda pamphumi ndi pachifuwa, tomwe ndinkakonda kuwerenga ndi chala ndili pamiyendo pawo.

Koma nkhani imene imandigwira mtima kuposa zonse ndi ya anthu otchedwa Ramnami a m'chigawo cha Chhattisgarh ku India. Awa anali a gulu lonyozeka, amene ankaonedwa ngati odetsedwa moti sankaloledwa kulowa m'kachisi. Cha m'ma 1890 munthu wina dzina lake Parasuram anadinda dzina la mulungu Ram pamphumi pake, ndipo ena anamutsatira. Anayamba kulemba dzinalo thupi lonse, pankhope, pamutu, pamsana, ena mpaka pazikope, pogwiritsa ntchito mwaye wa nyale ndi singano. Zinali ngati akunena kuti: munatitsekera pakhomo la kachisi, ndiye thupi lathuli lisanduka kachisi. Okalamba ochepa odindidwa thupi lonse akadalipo mpaka lero, ngakhale achinyamata ambiri asiya poopa kusalidwa pofuna ntchito m'mizinda. Kwa anthu amenewa chodinda chinali pemphero komanso kukana kuponderezedwa. Ndikaona Om atasanduka chithunzi nambala chakuti m'buku la wojambula, pambali pa chigaza ndi gulugufe, ndimawakumbukira.

Zotsala ndi zazifupi. Mukafuna mawu a Sanskrit kapena Hindi, pezani munthu wodziwa kuwerenga zilembo za Devanagari aone kaye. David Beckham, ndi ndalama zake zonse zija, dzina la mkazi wake Victoria linalembedwa ndi chilembo chowonjezera pa mkono wake. Swastika, chizindikiro chonga mtanda wopindika nsonga, musayerekeze: kwa Ahindu ndi chizindikiro cha madalitso kuyambira kalekale, koma chipani cha Nazi chinachiipitsa, ndipo simudzakhala ndi mpata wofotokozera aliyense wokuonani. Singano itsegulidwe m'paketi inu mukuona, inki ithiridwe m'kachibekete katsopano, chifukwa matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C komanso HIV amatha kudutsa pamenepa. Ngati chilonda chanu chikapola chimasiya chipsera chotukumuka, monga zimachitikira ambiri a khungu lakuda, onanani ndi dokotala kaye.

Musanadinde, yesani ndi henna, utoto wochokera ku masamba umene amajambulira pakhungu. Ku Durban amayi ojambula ndi henna ndi ambiri. Akujambuleni lotus wanuyo paphewa kapena pamkono, akhala sabata imodzi kapena ziwiri n'kufufutika, muone ngati mtima ukadali pomwepo. Ingokanani henna wakuda bii, amene nthawi zambiri amasakanizidwa ndi mankhwala a PPD owotcha khungu. Weniweni amasiya mtundu wofiirira.

Ndipo Loweruka lina mukapeza mpata, kwerani taxi ya ku Chatsworth mukafike ku kachisi wa Hare Krishna amene anatsegulidwa mu 1985. Alendo amalandiridwa. Vulani nsapato pakhomo, khalani pansi kanthawi, muone pamene zifanizo zaikidwa ndi momwe anthu akuziyandikirira. Mukatero mundilemberenso, achemwali, mundiuze chomwe mwasankha, komanso dzina la duwa limene mayi ankalikonda.