Nthenga za a Tinguian zikugwa ufa: musafulumire kupopera mankhwala

Funso lafika pa imelo: munthu ali ndi nthenga zovala kumutu za a Tinguian, mtundu wa anthu a ku Philippines, ndipo pansi pa bokosi akupezamo ufa. Atani?

Ufawo ndi zotsalira za njenjete ndi mphutsi za tizikumbu ta mtundu wa Anthrenus. Nthenga, monga ubweya, ndi chakudya chawo. Zikadyedwa sizimeranso.

A Tinguian, omwe amatchedwanso Itneg, amakhala m'chigawo cha Abra kumpoto kwa chilumba cha Luzon ku Philippines. Fay-Cooper Cole, yemwe anakhala pakati pawo mu 1907 ndi 1908 potumidwa ndi Field Museum, nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chicago, analemba za igam: nthenga zochekedwa m'mphepete, zomangidwa pa kamtengo, nthawi zina ndi ulusi wamitundu kunsonga, zozika m'tsitsi pa mwambo wa Sayang pofuna kusangalatsa mizimu. Sayang wathunthu umatenga masiku 17. Chinthu ngati igam sichinapangidwe kuti chikhale pakhoma pabalaza chaka chonse, ndipo amene amachipachika pamenepo akuchipha pang'onopang'ono. Dzuwa limafufutsa ulusi, fumbi ndi mwaye zimakakamira pa nthenga, ndipo nthenga yochekedwa kale imathyokera pochekedwapo. Mibulu yonunkha ija yoika m'masutikesi ndiyeno ayi: imadwalitsa anthu, ndipo fungo likachepa tizirombo timabwerera. Zopopera nazo zimasiya mafuta omata nthenga.

Chochita

Kuti tizirombo tife ndi kuzizira, kulungani nthengazo ndi pepala lofewa loyera, ikani m'jumbo ya pulasitiki, tulutsani mpweya osafinya nthenga, matani. Ikani mu fiziza pa madigiri 20 a Celsius pansi pa ziro kwa sabata yathunthu. Ngati fiziza yanu imalekera pa 18, masabata awiri. Mukatulutsa musatsegule kwa maola 24, kuti mame agwere kunja kwa jumbo, osati pa nthenga. Kenako sesani ndi kaburashi kofewa kuchokera kutsinde kupita kunsonga. Madzi ayi.

Bokosi likhale lalitali kuposa nthenga, kamtengo katsamire pa pepala lopindidwa, nsonga zisakhudze mbali. Chinyezi chikhale pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Chikapitirira 65 chuku chimayamba. Ngati chinthucho chinadutsa m'manja mwa osonkhanitsa zakale, valani magolovesi, chifukwa kale ankathira poizoni wotchedwa arsenic pa nthenga poopa tizirombo. Tsegulani bokosi miyezi 3 iliyonse, muone ngati ufa wabweranso.