Funsani za Umoyo: Kodi Mapiritsi a Chithokomiro Amatha Magazi?

FUNSO: Adokotala, ndili ndi zaka 29. Mwezi watha anandipeza ndi chithokomiro chogwira ntchito mopitirira muyezo. Mtima unkathamanga, manja ankanjenjemera, ndipo ndinkangoonda chonsecho nsima ndikudya bwino. Anandipatsa carbimazole. Apongozi akuti mapiritsiwa amatha magazi, ndisiye. Komanso ine ndi abambo akunyumba tikufuna mwana wachiwiri. Nditani? Ndine mayi wa ku Kapata, Chipata.

YANKHO: Mayi, musasiye mankhwala chifukwa cha mantha okha, koma apongozi anu sakunena zopanda mutu.

Chithokomiro chanu, kachiwalo kamene kali pakhosi, chikutulutsa mahomoni ambiri, n'chifukwa chake thupi likungoyaka ngati mbaula yokupizidwa. Carbimazole amaletsa chithokomiro kupanga mahomoni atsopano, koma sakhudza omwe anapangidwa kale. Motero pamatha milungu 4 mpaka 8 kuti munthu apeze bwino kwenikweni. Ambiri amayamba ndi 15 mg mpaka 40 mg patsiku, kenako dokotala amatsitsa kufika pa 5 mg mpaka 15 mg, ndipo mankhwalawa amamwedwa kwa miyezi 12 mpaka 18. Onetsetsani nambala yomwe ili pabokosi nthawi zonse mukalandira, chifukwa mapiritsi ena ndi a 5 mg, ena a 20 mg.

Tsono za magazi zija. Mankhwalawa satha magazi ngati mmene amachitira malungo. Chimene chimachitika kwa anthu ochepa, osafika mmodzi pa 100 alionse, n'chakuti maselo oyera a m'magazi, aja timati asilikali a m'thupi, amatsika mwadzidzidzi mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Zimakonda kuchitika m'miyezi itatu yoyambirira, ndipo inu muli m'nyengo imeneyo. Asilikali akatha, kachilombo wamba kamene thupi likanathana nako lokha kangathe kupha munthu m'masiku ochepa.

Zizindikiro zake n'zonyenga: kutentha thupi, kupweteka pakhosi pomeza, zilonda m'kamwa. Kuno kwathu thupi likatentha timathamangira kunena kuti ndi malungo kapena chimfine, timagula Panado pakantemba n'kugona. Kwa munthu womwa carbimazole, pamenepo ndi pangozi. Mukaona chimodzi mwa zizindikirozi, musamwenso piritsi lina, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale likhale Lamlungu. Mukafika nenani nokha kuti, "Ndikumwa carbimazole, ndipimeni full blood count." Uku ndi kupima kowerenga maselo a m'magazi. Tengani bokosi la mankhwalawo m'chikwama. Kakupima malungo kobaya pachala kaja sikaona asilikali a m'thupi, ndiye kaya malungo apezeka kaya ayi, magazi apite ku labu. Ngati kiliniki ya kwanu ilibe makina ake, pemphani kalata yopita nayo ku Chipata Central Hospital. Akapeza kuti asilikali ali bwino mudzayambiranso kumwa. Akapeza kuti atsika kwambiri, carbimazole ndiye mwatsanzikana naye mpaka kalekale.

Siyaninso mapiritsiwo ndipo pitani kuchipatala maso akachita chikasu, mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, kapena m'mimba chakumtunda mukapweteka koopsa mpaka kumsana. Apo chiwindi kapena kapamba zakhudzidwa. Koma totupa toyabwa pakhungu, nseru ndi kuphwanya kwa m'mfundo zimachitika kwa ena ndipo kawirikawiri zimatha. Auzeni adokotala, nthawi zambiri amangopereka mankhwala oletsa kuyabwa.

Za mwana, yambani mwadikira. Carbimazole akamwedwa m'miyezi itatu yoyambirira ya mimba angapangitse mwana kubadwa ndi chilema, monga banga lopanda khungu pamutu, kapena njira ya m'mphuno kapena ya chakudya yotsekeka. Nachonso chithokomiro chosasamalidwa chimachititsa kupita padera ndi kubereka masiku asanakwane. Choncho tengani njira yodalirika ya kulera, monga jakisoni, ya pamkono kapena lupu, mpaka magazi asonyeze kuti mahomoni akhazikika ndipo dokotala akuchotseni pa carbimazole. Pitani ndi abambo akunyumba akamve okha, kuti nkhaniyi isaoneke ngati mukukana dala. Nthawi ikakwana dokotala angakusinthireni ku propylthiouracil, amene amagwiritsidwa ntchito kumayambiriro kwa mimba, ngakhale nayenso amafuna kuyang'anira chiwindi. Mukaphonya kumwezi, pimitsani msanga ndipo muonane ndi dokotala popanda kudikira tsiku lanu la sikelo.

Magazi oonera chithokomiro, kutanthauza mahomoni otchedwa TSH ndi T4, amapimidwa milungu 4 mpaka 6 iliyonse poyamba. Ambiri amajomba apa akangoona kuti thupi labwerera, n'kumamwabe mlingo waukulu woyamba uja. Mapeto ake chithokomiro chimafooka mopitirira: munthu amanenepa, amamva kuzizira ngakhale mu Okutobala, amangoodzera, ndipo chotupa chapakhosi chimakula. Ena amasiya okha mapiritsi, matenda n'kubwerera ndi ukali, mtima n'kuyamba kugunda mosalongosoka.

Ngati anakupatsaninso propranolol wochepetsa kuthamanga kwa mtima pomwe inu muli ndi mphumu, auzeni musanamwenso, chifukwa amatsekereza chifuwa. Mukaiwala piritsi la carbimazole, imwani mukakumbukira, koma ngati nthawi ya lina yayandikira, lisiyeni lomwe mwaiwalalo, musaphatikize awiri.