Amaya sanasowe ayi: tiyeni tione za mzinda wa Tikal

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti Amaya, mtundu wa anthu a ku Central America omwe anamanga mizinda ikuluikulu kalekale, anangozimiririka osasiya mbiri, komanso kuti mizinda yawo inamangidwa ndi zolengedwa zochokera kuthambo. Zonse ziwirizi n'zabodza, ndipo zimandipweteka chifukwa zimalanda anthu ulemu wa thukuta lawo. Ndi bodza lomwe lija atsamunda ankanena za Great Zimbabwe, ati munthu wakuda sakanatha kumanga zimenezo.

Titenge Tikal, mzinda womwe uli m'nkhalango ya Petén kumpoto kwa Guatemala. Omanga ake timawadziwa ndi mayina, chifukwa ankalemba okha pa miyala yoimika, ndi madeti omwe. Mu 562 Tikal inagonja pankhondo kwa Caracol ndi Calakmul, mizinda ina ya Amaya, moti kwa zaka zoposa 100 mzindawo unachita ngati wagona. Amene anaudzutsa ndi mfumu Jasaw Chan K'awiil, yemwe anagonjetsa Calakmul mu 695. Manda ake anapezeka pansi pa Kachisi Woyamba, wotalika mamita pafupifupi 47. Mwana wake, Yik'in Chan K'awiil, ndi amene anamangitsa Kachisi Wachinayi cha m'ma 741, wa mamita pafupifupi 70, yemwe mpaka lero nsonga yake imatulukira pamwamba pa mitengo. Zonsezi popanda nkhwangwa yachitsulo, popanda ngolo kapena ng'ombe. Miyala ankasema pomwepo n'kumasenza kumsana.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi madzi. Tikal ilibe mtsinje. Anthu masauzande ambirimbiri ankadalira mvula yokha. Ndiye mabwalo a mumzinda ankawazira ndi laimu, n'kuwapendeketsa pang'ono kuti dontho lililonse litsetsereke kulowa m'madamu. Maenje ena omwe anakumbamo miyala yomangira ndi omwewo anasanduka madamu. Pa damu lina, lotchedwa Corriental, ofufuza anapezapo mchenga ndi timiyala tosefera madzi, zomwe zikuoneka kuti anachita kukatenga kutali. Amenewatu anali akatswiri enieni.

Ndipo madzi omwewo ndi mbali yaikulu ya kugwa kwa mzindawu. M'zaka za m'ma 800 kunagwa chilala chobwerezabwereza. Mitengo inali itachepa chifukwa cha minda, nkhuni ndi kuotcha laimu, nkhondo pakati pa mizinda zinali zosatha, ndipo madamu a pakati pa mzinda anali ataipitsidwa ndi poizoni wochokera ku utoto wofiira womwe ankapaka nyumba zachifumu ndi mitembo ya akuluakulu. Mfumu yomwe imati imalankhula ndi milungu ya mvula, mvula n'kukana, angaimverenso ndani? Mwala womaliza wolembedwa deti ndi wa 869. Anthu sanafe tsiku limodzi, ankasamuka pang'onopang'ono, banja ndi banja, ndipo pofika cha m'ma 950 mzinda unatsala wa anyani ndi mbalame.

Zidzukulu za Amaya zilipo mamiliyoni ku Guatemala, Mexico ndi Belize, zikulankhulabe zinenero zawo monga K'iche' ndi Q'eqchi', zikulimabe chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi. Chimanga chathu cha nsimachi gwero lake ndi dera lomwelo.

Boma la Guatemala linatumiza anthu kukaona mabwinjawa mu 1848, kufukula kwakukulu kunayamba mu 1956, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1979. Nyumba zambiri za mzindawu zikadali zokwiririka, zimangooneka ngati zitunda zomera mitengo.